Asilikali a Thupilathu Samwalira

Kuli dziko lina limene simungalipeze pa mapu, ngakhale nonsenu mumadzuka nalo ndi kuyenda nalo. Dzina lake ndi Thupilathu. Likulu lake lili pamwamba penipeni, ku Chigaza, kumene kumakhala Mfumu Chipumi ndi nduna zake. Kuchoka kumeneko mumatsika ndi msewu waukulu wa Mtsempha, kudutsa pa depoti ya Pamtima, kupumula pang'ono pa msika wa Pachiwindi, kenako kumangotsetsereka osaona kumathero. Kumunsi kwenikweni, kumene malonjezo a boma amafika atazizira kale, kuli dera la Chala Chachikulu. Mfumu sinalionepo derali kuyambira chaka chimene Phiri la Mimba linakula n'kutchinga mawindo a nyumba yachifumu, koma inkakhulupirira kuti lilipo, chifukwa nthawi zina linkapunthwa.

Kumeneko ndiko kunali kwawo kwa Dolika.

Dolika anali mthenga. Amithenga a m'dzikomo amatchedwa masaitokaini, ndipo alipo ambirimbiri, aliyense ndi nambala yake ndi uthenga wake umodzi wokha umene amaunena moyo wake wonse. Ena amakuwa kuti kwalowa adani. Ena amaitana asilikali ovala zoyera, ena amauza okonza misewu kuti aikuze asilikaliwo adutse msanga, ndipo ena amathamangira ku likulu kukauza osonkha moto kuti dziko litenthe, adani asowe pogona. Mthenga sangolankhula paliponse ngati woledzera ayi. Aliyense ali ndi kiyi wake, wotsegula zitseko za okhawo oyenera kumva, ndipo kiyiyo sagwira ntchito mpaka wotuma mthengayo atadindapo chidindo. Dolika anali Nambala Teni. Uthenga wake unali waufupi kuposa wa onse: "Basi."

Musauderere uthengawo. Asilikali a Thupilathu ndi anyamata olimba mtima koma opanda mabuleki. Akayamba kumenya safunsa ngati mdani watha. Akasowa mdani amamenya khoma, akamaliza khoma amamenya mwini nyumba. Chimene chinkawaimitsa chinali mwambo umodzi wakalekale. M'dera lililonse muli mkulu wa asilikali, ndipo ku Chala mkuluyo anali a Chimeza, bambo wa thupi lalikulu ndi kamwa yaikulu kuposa thupilo. Mdani akalowa, a Chimeza ankameza woyambayo, kumulawa, n'kutumiza amithenga okuwa. Anyamata ankabwera kudzamenya nkhondo, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu ambiri ankafera pomwepo, chifukwa msilikali woyera sakalamba. Tsono a Chimeza omwewo ndiwo analinso adzukulu oika maliro. Asilikali m'dzikomo alibe manda. Amaikidwa m'mimba mwa mkulu wawo. Ndipo pamene a Chimeza ankaika anyamatawo mmodzimmodzi, m'kamwa mosamvekanso mdani koma ana awo okhaokha, mtima wawo unkatembenuka. Ankasiya kutuma okuwa n'kufunsa kuti, "Nambala Teni ali kuti?" Dolika ankalandira chidindo, kuthamanga khomo ndi khomo, nkhondo n'kutha. Kenako amisiri ankabwera kudzasoka mpanda wa Khungu pamene panang'ambika, ndipo mkulu wa amisiriwo anali mchemwali wake wa Dolika, dzina lake Elube.

Zinthu zinkayenda chonchi zaka ndi zaka, ndipo zinkayenda bwino pa chifukwa chimodzi chokha: mfumu sinkadziwa kuti zikuyenda.

Amene anaitsina khutu anali Tiyenefu, mkulu wa amithenga okuwa, munthu amene ngakhale moni ankapereka ngati kwapsa nyumba. Tsiku lina pa bwalo la nduna, mfumu inafunsa kuti yapambana nkhondo zingati chikhalireni pampando.

"Mwinidziko," anatero Tiyenefu atagwada, "chaka chino chokha nkhondo zatha mazana atatu. Ya udzudzu wa pakhosi, ya lumo la pachibwano, ya chimfine cha mwezi wa Juni, ndi zina zing'onozing'ono."

"Zatha? Ine ndinali kuti?"

"Munali pompano, Mwinidziko."

"Ndinalankhulapo?"

"Ayi, Mwinidziko."

"Nsalu ya nkhope yanga inasindikizidwa? Amayi anavina?"

"Palibe anavina, Mwinidziko. Zimangotha mwakachetechete. Kuli kamayi kena ka ku Chala kamangoti 'basi,' anthu n'kumwazikana. Ifetu timakuwa mpaka kukhosi kuuma, koma womveredwa ndi iyeyo."

Mfumu inaitanitsa malipoti, ndipo itawerenga inapsa mtima kawiri. Poyamba inapsa mtima chifukwa dzina lake munalibemo. Kenako inaona kuti malipoti onse akunena za asilikali akufa. Kodi maiko ena akamva adzati chiyani? Nduna zinabindikira masiku atatu zikudya shuga wa dziko, n'kutuluka ndi lamulo limene linawerengedwa m'misewu yonse. Lamulolo linati kuyambira lero asilikali a Thupilathu samwalira, amangopumula ali pa ntchito. Popeza samwalira, aliyense wopezeka akuika maliro awo ndi woukira boma. Mawu oti "basi" nawo anasanduka katundu wa mfumu, wonenedwa ndi mfumu yokha, pa msonkhano wokonzedwa bwino, anthu atavala nsalu.

Dolika sanamuchotse ntchito, chifukwa boma la Thupilathu silichotsa munthu, limamukweza. Anamuitanira ku likulu n'kumupatsa udindo wa Mlangizi Wamkulu pa Zodikira, ndi tebulo lopanda pepala m'kachipinda ka kuseri kwa khutu lamanzere. Tiyenefu anakhala Nduna ya Zokuwa.

Patangotha milungu iwiri, munga unabaya Chala Chachikulu.

Sunali munga woti n'kuchititsa msonkhano. Unalowa ndi tizilombo tochepa, tanjala, timene a Chimeza ndi anyamata awo anatimaliza pofika tsiku lachitatu. Masiku akale nkhani ikanathera pomwepo. Koma tsopano anyamata amene anagwa pankhondoyo anangogona pamene anagwerapo, ndipo a Chimeza, munthu womvera malamulo, ankawadutsa akuyang'ana kumwamba. Fungo la mitembo yosaikidwa silisiyana ndi fungo la nkhondo, ndiye okuwa anapitiriza kukuwa. Wokuwa aliyense ankadzutsa okuwa khumi, khumiwo n'kudzutsa zana. Anyamata atsopano ankafika gulu ndi gulu, kusowa mdani, kugwetsa nyumba za anthu, kenako nawonso n'kupumula ali pa ntchito pamwamba pa anzawo. Muluwo unakula, woyera ndi wonunkha. Anthu wamba ankautcha mafinya. Boma linautcha Phiri la Chipambano.

Dolika anazimva zonsezi Lachiwiri, atatsikira pa msika wa Pachiwindi kukagula mchere. Kunkatentha ngati m'uvuni wa njerwa, chifukwa osonkha moto anali atalamulidwa kuwonjezera nkhuni tsiku ndi tsiku.

"Kutenthaku si kwathu, amayi, ndi kwa adani," anatero bambo wogulitsa mchere akudzikupiza ndi chivindikiro. "Anatero pa wailesi. Ifeyo tikungopsera nawo limodzi mwangozi."

"Adani ake ati?" anafunsa mayi wogulitsa mafuta, amene katundu wake anali atasungunuka n'kumayenda yekha pansi. "Ine mlamu wanga ali ku Bondo, akuti mdani womaliza anaoneka Loweruka, ndipo anali atafa kale."

"Ndiye woopsa kwambiri ameneyo. Sathawa."

"Ku Mimba nakonso akuti atseka, sakulandira chakudya mpaka nkhondo ithe."

"Palibe vuto, mayi. Tikagwa ndi njala bola atilembe kuti tikupumula."

Anthu anaseka, koma moyang'ana uku ndi uku. Dolika sanaseke nawo. Anaona wakabaza wina wa malaya ofiira, mmodzi mwa aja amanyamula mpweya kupita nawo kumadera, akutsika panjinga thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mwachokera ku Chala?"

"Ndachokera pafupi ndi Chala, mayi. Ku Chala kwenikweni sikukulowekanso. Misewu anaikuza mpaka inayamba kudontha m'mbali, madzi ali ponseponse, dera lonse lafufuma, lafiira ngati tsabola. Mpweya ndabwerera nawo theka." Anamuyang'anitsitsa. "Kodi si inu a Dolika? Achemwali anu anati ndikakuonani ndikuuzeni kuti nyumba ya malemu mayi anu yagwa dzulo. Iwowo angokhala pa chitsa ndi singano m'manja, akuti akudikira inu."

Dolika anangotembenuka. Anabwerera ku ofesi mchere ataiwala pa benchi, ndipo kumeneko ndiko anamva choopsa chenicheni. Ubwino wa kachipinda ka kuseri kwa khutu ndi woti zonse zonenedwa kunja kwa dziko zimadutsira pakhoma pako. Kunja kwa Thupilathu kuli anthu ena akuluakulu otchedwa madokotala, amene dziko likadwala amabwera kudzalipima. Dolika anamva mmodzi wa iwo akuti, "Ndajambula mzere ndi bolopeni kuzungulira pofiirapa. Tionenso Lachisanu m'mawa. Kufiiraku kukadutsa mzerewu, chalachi tichotsa chisanawononge mwendo."

Tichotsa. Dera lonse, ndi Elube, ndi kamsewu kamene Dolika anaphunzirira kuthamanga, zonse m'beseni. Anachita mantha amene anali asanawamvepo chibadwire.

Lachitatu anavala chitenje chake chabwino n'kukagwada pa bwalo la nduna. Anapeza Tiyenefu ali pakati popereka lipoti, mendulo zitatu zikulira pachifuwa.

"Mwinidziko, ndi chimwemwe ndikulengeza kuti dera la Chala lakula kawiri m'mlungu umodzi! Ndi boma liti m'mbiri yathu linatukulapo dera mwachangu chotere? Misewu yakula. Madzi afika khomo lililonse, ngakhale m'nyumba momwe. Derali likugunda ngati ng'oma osapumula, kusonyeza kuti anthu akusangalala."

Nduna zinaomba m'manja. Dolika anadikira kuti zimalize, n'kunena mosapsatira zimene anamva pakhoma. Kenako mfumu inatembenukira kwa nduna yoona za malo.

"Kodi zala tili nazo zingati kumunsiko?"

"Khumi, Mwinidziko."

"Chikachoka chimodzi?"

Nduna inaganiza kanthawi. "Zitsala zisanu ndi zinayi, Mwinidziko. Ndi zambiri ndithu. Kuli maiko ena alibe ndi chimodzi chomwe."

"Mwamva, mayi? Musamaopseze boma ndi masamu."

"Mwinidziko," anatero Dolika, "kuli anthu kumeneko. Kuli achemwali anga. Ndikupempha mulole a Chimeza aike maliro."

"Maliro a yani?" analumpha Tiyenefu. "Wamwalira ndani? Tchulani dzina, mayi, alembi alembe."

Dolika anatembenukira kwa mfumu. "Ndiye nenani 'basi' inuyo, Mwinidziko. Lero lomwe."

"Ndidzanena," inatero mfumu mokoma mtima. "Mwezi wamawa pa 15. Nsalu zikusindikizidwa. Yoyamba inatuluka ndi chipumi chaching'ono, tinaibweza."

Apa Dolika akanakhala chete, koma mantha akafika pena amasanduka mwano. "Ngakhale mutanena lero, Mwinidziko, sakumvani. Asilikali alibe khomo lolowera mawu anu. Kiyi wake ndi uyu, ndipo chidindo chili kwa a Chimeza. Inuyo simunayambitsepo nkhondo ndi imodzi yomwe, ndipo simunaimitsepo. Mumangouzidwa."

Zinali zoona, n'chifukwa chake anamutulutsa chomukoka.

Lachinayi m'mamawa Dolika sanapite ku tebulo lake lopanda pepala. Anakwera kabaza pa depoti ya Pamtima n'kuuyatsa wa kumunsi. Pa Bondo panali chipata cha asilikali, ndipo anamufunsa kuti ndi yani, akupita kuti.

"Ndine Mlangizi Wamkulu pa Zodikira," anatero. "Ndikukadikira ku Chala."

Anamuchitira sawatcha n'kumutsegulira. Udindo wopanda ntchito uja unagwira ntchito tsiku limenelo lokha.

Kuchokera pa Kakolo njinga inakanika, ndipo anayenda wapansi, madzi ofunda akufika m'chiuno. Mzere wa bolopeni unkaoneka mwa chizimezime kudzera mu mpanda wa Khungu, ndipo kufiira kunali kutatsala pang'ono kuukhudza. Kwawo sanakuzindikire. Makoma anali pansi, anyamata ovala zoyera akuthamanga uku ndi uku ndi zibonga, kufunsana kuti mdani ali kuti, wosadziwa n'kumenyedwa. Pakati pa zonsezo panaima Phiri la Chipambano, ndi chikwangwani chake chatsopano, ndi fungo loti ngakhale chikwangwanicho chikanatha kuyenda chikanachoka. Elube anali pa chitsa chija, singano m'manja.

"Wabwera," anatero osadzuka. "Wanenepatu. Kudikira kumakoma eti?"

"Achemwali, musayambe."

"Ndiyambe chiyani? Ine ndimayamba iwe ukanena mawu ako aja. Nena, ndisoke."

"Popanda chidindo ndingokhala ngati wamisala wolankhula ndi zitseko."

"Ndiye tiye kwa a Chimeza."

Anawapeza pakhonde pawo ataonda, khungu likulendewera ngati malaya obwereka. Patsogolo pawo panali mzere wautali wa amithenga okuwa, ndipo iwo ankangodinda, mmodzi pambuyo pa mnzake, osawayang'ana nkhope.

"Bambo," anatero Dolika atagwada, "adani alipo?"

"Ndinameza womaliza Loweruka, mwana wanga."

"Nanga mukukuwitsiranji?"

"Kukununkha nkhondo. Mphuno ikamva, dzanja limadinda lokha. Ndinapangidwa choncho."

"Chikununkhacho ndi ana anu, bambo."

A Chimeza anayang'ana uku ndi uku. "Akupumula," anatero motsitsa mawu. "Ine ndagwira ntchito zaka zambiri, sindikufuna kutchedwa woukira nditakalamba. Ndipo mwambo ukuudziwa. Chidindo chako chimatuluka ndikaika maliro, mtima utatembenuka. Maliro kulibe. Ndikudinda bwanji?"

Dolika anafuna kulira. Anali atayenda dziko lonse, kuchokera kumutu kufika kuphazi, kudzapeza munthu wabwino akuwononga kwawo mwaulemu. Koma Elube sanataye nthawi. Anabaya singano pa duku lake n'kukoka mng'ono wake pamkono.

"Wakhalitsa ku likulu, waiwala," anatero. "Kuno ku Chala mtembo ukasowa wouika, timakausiya pakhomo pa amene akuyenera kuuika. Sititukwana, sitigenda. Timangousiya. Iwe ukagwire miyendo."

Anapita ku phiri kuja n'kusankha mmodzi wa pansi penipeni, wa gulu loyamba lija limene linamenyana ndi adani enieni. Anamunyamula kudutsa m'madzi. Amayi ena ataona anayamba kutsatira pambuyo, ndipo wina anaiwala lamulo n'kuyamba kulira maliro, enanso n'kumulandira. Anakamugoneka pakhonde, pamapazi penipeni pa a Chimeza, n'kukhala pansi. Okuwa amene anali pamzere anasiya phokoso.

"Mwandibweretsera mlandu," anatero a Chimeza. "Muchotseni. Ameneyu akupumula."

"Chabwino, bambo," anatero Elube. "Ndiye mudzutseni azipita kwawo. Ife tikufuna kusesa."

A Chimeza anawerama. Ankamudziwa. Anali woyamba kufika tsiku la munga lija, ndipo iwo ndiwo anamulozera kolowera. Anamugwedeza phewa.

"Iwe. Dzuka."

Anamugwedezanso.

"Dzuka, mwana wanga, ntchito yatha."

Atanena mawu amenewo anakhala kanthawi kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene wadzimva yekha. Kenako misozi inatsika, ndipo anachita zimene makolo awo onse ankachita. Anamunyamula ndi manja awiri n'kumuika.

"Bweretsani wina," anatero.

Anthu a ku Chala anandanda kuchoka ku phiri kufika pakhonde, kupatsirana anyamata aja mmodzimmodzi. Akulu a asilikali a ku Chidendene ndi ku Kakolo atamva kulira anabwera okha kudzathandiza, chifukwa nawonso anali adzukulu ndipo manja ankawayabwa. Pofika masana phiri linali litatsika theka, ndipo mimba ya a Chimeza inali itabwerera m'malo mwake. Anapukuta pakamwa, anayang'ana mzere wa okuwa ngati akuwaona koyamba, n'kufunsa ndi mawu awo akale aja.

"Nambala Teni ali kuti?"

"Ndili pano, bambo."

Chidindo chinati pha pa kiyi.

Dolika anathamanga monga anali asanathamangirepo. Khomo loyamba linali la gulu limene linkagumula chimbudzi cha munthu, pokhulupirira kuti mdani wabisala momwemo. "Basi," anatero. Anaima zibonga zili m'mwamba, n'kuyang'anana ngati anthu odzuka kutulo. "Basi," kwa okuza misewu, ndipo misewu inayamba kubwerera, madzi n'kumaphwa. "Basi," kwa okuwa, ndipo ambiri anakhala pansi mothokoza, chifukwa kukhosi kunali kutatupa. A Chimeza anadindanso anzake a Dolika a nambala yomweyo, pakuti nambala imodzi imakhala ndi amithenga angapo, n'kuwatumiza kumtunda. Uthenga utafika kwa osonkha moto ku likulu anataya nkhuni, ndipo kunagwa mvula ya thukuta imene inanyowetsa dziko lonse mpaka bulangete la kunja. Pamene Dolika ankabwerera wefuwefu, Elube anali atayamba kale kusoka.

Lachisanu m'mawa madokotala aja anabwera. Anthu a ku Chala anamva mpanda ukudinidwa kuchokera kunja, kamodzi, kawiri, ndipo aliyense anagwira mnzake dzanja. Zimene zinanenedwa Dolika sanazimve, chifukwa khutu lili kutali. Koma mpeni sunabwere. Kunangobwera kansalu koyera kamene kanakulunga dera lonse ngati denga latsopano.

Ku likulu kunali chikondwerero. Mfumu inalengeza kuti nkhondo inaithetsa yokha, ndi maganizo, ili chigonere. Tiyenefu analandira mendulo yachinayi chifukwa chokuwa mpaka mtendere unabwera. Nsalu zija zinafika, chipumi chili chachikulu bwino, ndipo amayi anavina.

Dolika anamangidwa Lolemba, koma mlandu wake unavutitsa oweruza. Kuti amuimbe mlandu woika maliro, ankayenera kuvomera kuti asilikali anamwalira, zimene ndi kuukira boma. Kuti amuimbe mlandu wonena "basi," ankayenera kuvomera kuti anathetsa nkhondo ndi iyeyo osati mfumu, zimene ndi kuukira boma kawiri. A Chimeza ataitanidwa ngati mboni anangoti iwo tsiku limenelo anali ndi njala, zina sakukumbukira. Oweruza anatuluka thukuta masiku awiri, mpaka anapeza mlandu woyenera: kubweza chitukuko m'mbuyo, pakuti dera limene linakula kawiri linali litaphwa n'kubwerera msinkhu wake wakale.

Chilango inapereka ndi mfumu yomwe. Inafunsa nduna kuti malo oipitsitsa m'dziko lonse ndi ati, akutali, onunkha nsapato, kumene munthu akapita saonekanso. Nduna zonse zinayankha pamodzi.

"Ukakhala ku Chala Chachikulu moyo wako wonse," inatero mfumu. "Likulu sudzalionanso. Uli ndi mawu?"

Dolika anali nawo amodzi okha, koma analibe chidindo. Anagwada n'kuweramitsa nkhope, ndipo anaisunga yachisoni mpaka atadutsa depoti ya Pamtima.

Pa msika wa Pachiwindi bambo wa mchere uja anamuitana n'kumupatsa mchere wake umene anaiwala, ndi basela pamwamba.

"Kukuzizira bwino masiku ano, amayi," anatero. "Akuti mfumu inaganiza."

"Inaganizadi," anatero Dolika.

"Izipitiriza. Koma izichenjeza kaye, tizichotsa zovala padzuwa."

Anafika kwawo madzi ataphwa. Pamene panali nyumba ya mayi awo panali chipsera, cholimba ndi chosalala, chimene sichidzameranso kanthu. Dolika anaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo misozi imene anaikaniza pakhonde pa a Chimeza inatuluka yonse. Lamulo lija silinafafanizidwe, ndipo mpaka lero asilikali a Thupilathu samwalira. Kungoti a Chimeza masiku ano amayamba aika ana awo, malamulo n'kuwerenga pambuyo.

Elube anali pamwamba pa makwerero, akumaliza msoko wa mpanda.

"Akupatsa mendulo?" anafunsa osatembenuka.

"Andilanga, achemwali. Ndizikhala kuno mpaka imfa."

Elube analuma ulusi n'kulavula kansonga.

"Uli ndi mwayi," anatero. "Kokulangirako kudakalipo. Tagwira makwererowa, akugwedera."